Providence Akwatiwa ndi Chithunzi

Mutu 6

1. Ng'ombe zachilendo

Kingstone Shaba anafika kwawo Loweruka dzuwa lili paliwombo, thumba lopanda kanthu lili paphewa. Ankaphunzira Fomu 4 ku Mzimba boma, komwe ankakhala ndi azakhali ake. Kumudzi, kuseri kwa Embangweni, ankapitako ufa ukatha, monga amachitira ana a sukulu ambiri amene amakumbuka makolo mimba ikayamba kulira.

Choyamba chimene anaona ndi khola. Khola limeneli linakhala lopanda kanthu chiyambire chaka chimene matenda anapulula ng'ombe za bambo ake, mpaka munamera bonongwe. Tsikuli munali ndowe zatsopano, ndipo pamthunzi panali ng'ombe zonenepa zikubzikula.

Chachiwiri chinamudula mtima. Kamtsikana ka bambo ake aang'ono kankathamangitsa nkhuku pabwalo katavala yunifolomu yofika m'mapazi. Yunifolomuyo inali ya mlongo wake Providence, wa zaka 15, amene anali atangoyamba kumene Fomu 1.

Bambo ake, a Bestone Shaba, anali pakhonde akusema goli. Kingstone ananjuta pansi n'kupereka moni.

"Adada, ng'ombe zili m'kholamo n'zayani?"

"N'zathu," anayankha osadzutsa mutu. "Mlongo wako wapeza banja. A Moyo a ku Jenda abweretsa malowolo. Mwana wawo Tonny ali ku Joni, ali pantchito yabwino chomene."

"Tonnyyo anabwera kudzamuona?"

"Yayi. Munthu asiye ntchito chifukwa cha mwambo wa tsiku limodzi? Anatumiza chithunzi. Tinamukhazika Providence pamphasa, chithunzi pambali pake, amayi analuluta, mbwenu zinatha bwino."

Kingstone anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene mayi ake ankasenda nyemba. Anawafunsa motsitsa mawu ngati iwo anavomereza zimenezi.

"Ine anandilowola, mwana wane," anatero mayiwo. "Ana amene ndinabereka ndi a kwa Shaba. Ndivomere, ndikane, akundifunsa ndani?"

Anapitiriza kusenda, misozi ikugwera m'lichero.

2. Nyumba ya malata

Mawa lake Kingstone sanalunjike ku boma. Anakwera matola opita ku Jenda, ndipo pamsika anafunsa njira ya kwa a Moyo. Sinali yovuta kuipeza. Aliyense ankadziwa nyumba ya malata obiriwira imene Tonny anamangitsa ali kunja, nyumba imene mwini wake anali asanagonemo ngakhale tsiku limodzi.

Anamupeza Providence kuseri akutsuka mapoto a banja lonse. Anali atavala chitenje ndi mpango ngati mayi wamkulu, koma timikono tinali tomwe tija. Atamuona mlongo wake anaimirira, kenaka anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba.

"Adumbu, mwabwera," anatero, kumutchula monga mtsikana wa kumeneko amatchulira mlongo wake.

Apongozi ake, anyaTembo, anali atapita kutchalitchi. Providence anamulowetsa pabalaza n'kumuonetsa khoma. Panali chithunzi cha bambo wa ndevu, wovala jekete yachikopa, atatsamira galimoto yofiira. Kuti galimotoyo inali yake kapena ya bwana wake, chithunzi sichinena.

"Amuna anga ndi amenewo," anatero Providence. Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Ndimawapukuta fumbi m'mawa uliwonse. Amaimba foni kwa apongozi, ine amangondipatsa kuti ndipereke moni. Akuti mvula ikatha adzanditumizira thiransipota, anthu aja amatenga anthu ndi katundu kupita nawo ku Joni."

"Iweyo ukufuna kupita?"

"Ndikufuna kusukulu. Anzanga amadutsa pamsewu apo ndi mabuku, ine ndimabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinawauza adada kuti sindikufuna, anati mwana safunsidwa." Anagwira malaya a mlongo wake. "Adumbu, ndapota, musandisiye kuno."

Kingstone analibe ndalama, analibe ndevu, analibe mawu pabwalo la akulu. Komabe analonjeza.

"Ndibwera kudzakutenga. Usapite kulikonse. Undidikire."

3. Ofesi yoona za ana

Lolemba ataweruka kusukulu, Kingstone anapita kumaofesi a boma. Anadutsa pakhomo la ofesi yoona za ana, n'kubwerera, n'kudutsanso, mpaka wakabaza wina amene ankadikira makasitomala anamufunsa ngati wataya chinthu. Manyazi ndi amene anamukankhira mkati.

Anapezamo mayi Caroline Kachingwe, a kwawo ku Ntcheu, amene anagwira ntchito ku Mzimba zaka zambiri. Anamvetsera nkhani yonse osamudula. Atatha, Kingstone anafunsa funso limene linkamusowetsa mtendere.

"Madamu, kwathu amati mwambo ndi mwambo. Malowolo aperekedwa, makolo agwirizana, kutchalitchi sanapiteko, kwa DC sanalembetse, mwamunanso kulibe. Ndiye pali mlandu?"

"Mlandu ulipo, mwana wanga, waukulunso," anayankha mayi Kachingwe. "Tamvera bwino, chifukwa zimenezi udzazifuna moyo wako wonse. Dziko lino lili ndi malamulo aakulu, amene ali pamwamba pa malamulo ena onse, pamwamba pa ine, pa DC, ngakhale pa Pulezidenti. Muli mutu wonse wonena za ufulu wachibadwidwe. Gawo 22 limati munthu asakakamizidwe kulowa m'banja, ndipo silinena za ukwati wa kutchalitchi wokha. Limakhudzanso ukwati wa mwambo, ngakhale wongolowana. Gawo 23 limati mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka 18. Kale makolo ankatha kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15, koma mu 2017 Nyumba ya Malamulo inatseka khomo limenelo. Lero bambo ako alibe mphamvu yovomera m'malo mwa Providence, ngakhale ng'ombe zitadzaza khola."

"Nanga mwambo wathu ndi woletsedwa?"

"Ayi. Malamulo omwewo amateteza chikhalidwe cha munthu aliyense. Malowolo si mlandu. Vinani ingoma, lowolani, lemekezani apongozi, palibe amene adzakugwireni. Koma mwambo ukayamba kudya mwana, pamenepo malamulo amaimirira. Ndipo si Malawi yekha. Dziko lathu linasaina pangano la mayiko onse lokhudza ufulu wa ana, linasainanso pangano la mayiko a mu Africa, limene limanena mosabisa kuti kukwatitsa mwana kapena kumutomera n'koletsedwa. Posaina paja tinalonjeza pamaso pa mayiko anzathu, ndipo amatifunsa mmene tikuchitira. N'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo oteteza ana, n'chifukwa chake pali ofesi ino, pali apolisi, pali makhoti. Koma ndikuuze zoona. Malamulo alibe miyendo. Sangadziwe okha kuti ku Jenda kuli mtsikana akutsuka mapoto. Amayamba kugwira ntchito munthu akalowa pakhomo ilo ngati mmene walowera iwemu."

Kingstone anafunsanso.

"Adada amangidwa?"

"Sindikunamiza, zikhoza kutheka. Zimenezo ndi za apolisi ndi khoti. Chimene ndikufuna ine n'chakuti mwanayo abwerere m'kalasi. Ukufuna tipitirize?"

Mnyamatayo anayang'ana nsapato zake zong'ambika. Kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

"Chabwino. Galimoto yathu ili ku Euthini, ifika madzulo ano. Mawa m'mawa tinyamuka ndi wapolisi, iwe ukatilondolere. Koma pali chinthu chimodzi. Usauze munthu aliyense. Ndaona ana ambiri akusowa usiku umodzi wokha chifukwa wina analankhula. Wamva?"

"Ndamva, madamu."

Anamvadi, koma ndi makutu okha.

4. Kutsanzika

Kwa a Shaba kunali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma linali lolimba kuposa ambiri olembedwa. Mwana sachoka pakhomo osatsanzika. Kaya akupita kuchigayo, kaya kumpira, amanjuta pansi n'kunena kumene akupita ndi chimene akukachita. Kingstone anakula nalo lamuloli, ndipo anthu ankamuyamikira kuti ndi mwana woleredwa bwino.

Azakhali ake, anyaShaba, ankagulitsa kaunjika mumsika wa ku boma. Ndi iwo ankamudyetsa, kumugulira sopo, ndi kumudikira pachipatala malungo akamugwira. Kwa Angoni ndi Atumbuka mlongo wa bambo, amene amamutchula kuti ankhazi, si munthu wamba. Ukwati wa mwana wa mchimwene wake suchitika iye asanatsegule pakamwa.

Madzulo amenewo Kingstone anawathandiza kunyamula mabelo kuchokera kumsika. Atafika kunyumba anayendayenda pabwalo, natunga madzi amene sanatumidwe. Kujomba kusukulu, kukwera galimoto ya boma, kupita mpaka ku Jenda, zonsezo osawauza amene amamusunga, zinamukanika. Anaganizanso kuti mwina ankhazi, pokhala munthu wamkazi, amumvera chisoni Providence. Anapita n'kunjuta pakhomo la khitchini.

"Ankhazi, ndimati nditsanzike. Mawa sindipita kusukulu. Ndikupita ku Jenda ndi a boma kukatenga Providence."

AnyaShaba anaika pansi mpeni umene ankadulira masamba. Sanakalipe. Akanakalipa mwina zikanakhala bwino.

"Khala bwinobwino, mwana wa adumbu ŵane, ndikuuze," anayamba motero. "Ukwati umenewu ndinaukonza ndine. Ndinayenda ndi miyendo yangayi kukaona banja la a Moyo. Si anthu oledzera, si anthu a ndewu, nkhokwe zawo sizitha. Iwe ukuganiza kuti timamuda mwanayo? Ine anandilowola ndili wamng'ono kuposa iyeyo. Ndinalira, enya, ndinalira chomene, koma kodi ndinafa? Si ine ndikukudyetsa lero? Tayang'ana atsikana amene anamaliza Fomu 4 mumsika muja. Akugulitsa tomato pafupi ndi ine, ena ali ndi ana opanda bambo. Sukulu imeneyo yawapatsa chiyani?

"Adada ako akhala akulima ndi khasu ngati mkazi wamasiye, anzawo akulima ndi ng'ombe. Chaka chino agwira pulawo. Ukufuna ng'ombe zibwerere, anthu aziwaloza chala kuti anadya za eni n'kusanza? Ndipo ng'ombe zimenezo ukuziyesa zayani? N'zako iwe. Tsiku limene udzapeze mkazi, tidzalowola ndi zomwezo. Umo ndi mmene zimayendera kuyambira makolo athu: mlongo amatsegulira mlongo wake khomo.

"Tsono tamvera. A bomawo adzabwera ndi galimoto, adzalankhula chizungu, mbwenu adzapita. Wa boma ukumudalirayo mawa adzamusamutsira ku Zomba. Iwe udzatsala ndi ife. Ukadzadwala adzakunyamula ndani? Ukadzamwalira adzakukumbira manda ndani, malamulo? Mwana amene wamangitsa bambo wake alibe mudzi. Palibe adzadye naye mbale imodzi, ndipo m'nyumba muno sadzagonamo. Ndakuuza ndili ndi mtima wabwino. Ukagone, uganize."

Mawu amenewa anamulasa Kingstone, makamaka a ng'ombe aja. Sanadziwe kuti nayenso anali ndi gawo pa mtengo wa mlongo wake. Anachita manyazi, anachitanso mantha, pakuti kunja kwa nyumba imeneyi analibe kwina kogona.

"Ankhazi, ndamva zonse," anatero. "Mwandilera, sindingakunyozeni. Koma ng'ombe zimenezo ine sindikuzifuna. Providence anakana, ndipo ndinamulonjeza. Ndipita."

"Yewo," anayankha anyaShaba. "Wachita bwino kutsanzika."

Anatola mpeni wawo n'kupitiriza kudula masamba. Patapita kanthawi anapukuta m'manja, natenga foni, n'kunena kuti akukagula mchere pagolosale. Mchere unali wodzaza m'botolo pashelefu, koma Kingstone sanaganizepo kanthu.

5. Ku Jenda

M'mawa Kingstone anapeza chikwama chake cha zovala chili pakhonde, chitseko chitatsekedwa. Anachinyamula n'kupita nacho kuofesi. Mayi Kachingwe anachiyang'ana chikwamacho, namuyang'ananso iye, koma galimoto inali italira kale ndipo sanafunse. Kumbuyo kunakhala wapolisi wamkazi, Sajeni Judith Mhango.

Kunja kunali mitambo yopanda mvula. Anadutsa minda ya chimanga chofota ndi zigafa za fodya. Kingstone ankangoganiza za yunifolomu, kuti akailanda bwanji kwa kamwana kaja, ndiponso ngati ikachapike.

Atafika kwa a Moyo anapeza anyaTembo, apongozi aja, atakhala pampando pakhonde, atavala zakutchalitchi ngati munthu woyembekeza alendo. Kuseri kunalibe wotsuka mapoto.

"Tabwera kudzaona Providence Shaba," anatero mayi Kachingwe atapereka moni.

"Mwachedwa," anayankha anyaTembo mokoma. "Mtengwa wathu watsatira mwamuna wake. Thiransipota ananyamuka naye kusanache. Kodi mkazi kupita kwa mwamuna wake ndi mlandu?"

"Ali ndi pasipoti mwanayo?" anafunsa Sajeni Mhango.

"Zimenezo amadziwa ndi a thiransipota."

Sajeni analowa m'nyumba, nayang'ana zipinda zonse, nkhokwe ndi bafa. Anatuluka akupukusa mutu. Mayi Kachingwe anatembenukira kwa Kingstone. Sanakweze mawu.

"Unauza ndani?"

"Sindinaulule, madamu. Ndinangotsanzika kwa ankhazi."

Atangotero anamva yekha kupusa kwa mawu akewo. Anakhala pansi pafumbi.

"Ulemu ndi chinthu chabwino, Kingstone," anatero mayi Kachingwe. "Sindidzauza mwana aliyense kuti asiye kulemekeza akulu. Koma pamene moyo wa mwana uli pangozi, amene anakonza ngoziyo sapemphedwa chilolezo. Ndinakuchenjeza pa chifukwa chimenechi. Tsono kulira udzalira bwino tsiku lina. Panopa nkhaniyi yakula. Kutulutsa mwana m'dziko mwa njira imeneyi ndi mlandu wozembetsa anthu. Ufulu wa Providence suthera pachipata cha m'malire cha Dedza. Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa anasaina mapangano omwe aja, ndipo apolisi athu amagwirizana ndi a kumeneko. Koma akangowoloka, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya miyezi, mwina zaka. Ena sitinawapeze mpaka lero."

Sajeni Mhango anauza anyaTembo kuti avale nsapato, akafotokoze bwino kupolisi ya pa Jenda. Kukoma kuja kunathera pomwepo. Kenaka sajeniyo anayamba kuimba mafoni, akuyendayenda pansi pa mtengo wa mango.

Apo n'kuti anthu atayamba kusonkhana kumpanda. Mayi wina woyandikana nawo nyumba, wobereka mwana kumbuyo, anayandikira Kingstone ngati akudutsa chabe.

"Ndiwe mlongo wake?" ananong'ona. "Minibasi yoyera, yokoka ngolo ya katundu. Ndinaona zonse ndili pampanda. Mwanayo anakana kukwera. Anagwira mzati wa khonde uwo ndi manja awiri, akuti adumbu ŵane anati ndiwadikire, akubwera kudzanditenga."

"Ndiye anamukoka?"

"Yayi, sanamukoke. Apongozi akewo anamuuza kuti, ukuyesa tadziwa bwanji kuti a boma akubwera? Mlongo wako yemweyo ndiye wanena kwa ankhazi ake. Mwanayo anafunsa kuti, adumbu anena okha? Anati enya. Mbwenu anasiya mzati, n'kukakwera yekha. Sanalirenso."

 Chimene chinamupweteka Kingstone koposa n'chakuti anyaTembo sananame.

Sajeni Mhango anabwera mothamanga, foni ili m'manja.

"Anthu amenewa amaima ku Lilongwe kupakira katundu wina. Akachedwa kumeneko, tili ndi mwayi. Koma opanda mapasipoti amawatsitsa asanafike pachipata, n'kuwadutsitsa njira zam'tchire. Anzathu a ku Dedza akufuna chithunzi cha mwanayo."

Anafunsa anyaTembo, anafunsa anthu a kumpanda. Panalibe amene anali nacho. Ngakhale Kingstone analibe. M'nyumba yonse ija chithunzi chinali cha mwamuna yekha.

Mayi Kachingwe anatsegula chitseko cha galimoto.

"Dzuka, Kingstone. Apolisi a ku Dedza sakuidziwa nkhope yake. Ukuidziwa ndiwe."

"Akandiona adzabwera kwa ine, madamu? Pano akudziwa kuti ndinamugulitsa."

Mayi Kachingwe sanamunamize.

"Sindikudziwa," anatero. "Kwera."

Kingstone anakwera, chikwama chili pamiyendo. Atasiya anyaTembo kupolisi, dalaivala analowa mumsewu waukulu n'kukhotera kumwera, njira ya ku Kasungu.